Mpando wa Geva

Mwati Lamulungu likubwerali mukufuna mukaone nyanja yamchere? Pitani, palibe akukuletsani. Msewu wake ndi wokongola kuposa wa pa kalendala, phiri mbali ino, madzi mbali inayo. Koma musanathire petulo, ponyani nthambi za mphesazo pamotopo, musendere kuno, ndikuuzeni mmene ndinayendera ine pa msewu womwewo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Kwa inu mwabwera kumenenu, ine ndine Felesiya wa ku Ntcheu. Chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi ndikudulira ndi kuthyola mphesa pa famu ino, ngakhale vinyo wake sindinamulawepo. Amuna anga ndi a Laitoni Kamtedza, aja amayendetsa thirakitala aja, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale popita kukagula anyezi amayamba walemba ndondomeko.

Ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono, Gelevaziyo, tinkangoti Geva. Kuno ku Kepu ndinamuitanitsa ndine, ndipo mawu amenewo amandilasabe mpaka lero. Mwana wobadwira kumapiri, kumene mtsinje umalekeza m'mawondo, atafika kuno anapenga ndi mbedza. Lamulungu lina anapita ndi anzake cha ku Kleinmond, naima pathanthwe kumaponya chingwe. Anzakewo amati funde linangobwera limodzi, lalitali kuposa ena onse, ndipo litabwerera pathanthwe panalibe munthu. Anafufuza masiku anayi. Chimene anandipatsa ndi chipewa chake ndi jombo imodzi ya kumanzere.

Kumudzi anachita mwambo, naika thunthu la nthochi m'manda popeza thupi panalibe. Amayi anadikira mpaka anthu atabalalika, kenaka anati, "Mwaika nthochi. Mwana wanga akadali panjira." Kuyambira tsiku limenelo anasiya kugona m'nyumba. Ankayala mphasa pakhonde, chitseko chili pululu, kuti Geva akafika asapeze potseka. Inu a ku Ntcheu mukuidziwa mphepo ya mu Juni. Chaka choyamba anapirira. Chachiwiri anayamba chifuwa, ndipo pa chithunzi chimene ananditumizira ndinaona mafupa okhaokha atafunda chitenje.

Ndi pamene malume anga a Zakeyu anandiimbira foni.

"Felesiya, mayi akowa satha chaka. Mankhwala ake si a kuchipatala. Kamtenge mwanayo."

"Ndikamtenge bwanji, malume, munthu ali pansi pa nyanja?"

"Tsegula makutu. Upite pamene anaima komaliza, ukatape mchenga wa pamenepo. Umuitane dzina ndi mfunda wake, umuuze kuti tiye kwathu. M'galimoto umpatse mpando wakewake. Ukatero usacheuke, ndipo usayankhule ndi wamoyo aliyense mpaka utalowa m'nyumba. Panjira musaime, chitseko chake chisatsegulidwe. Mtsinje uliwonse mukamawoloka uziutchula dzina, chifukwa wakufa akapanda kudziwa pamene ali amalemera."

Ndinavomera zonse, koma mtima unali pa amuna anga. Galimoto ndi yawo, kagalimoto kakale kobiriwira kamene anakatcha Chipiriro, ndipo ine chiwongolero sindichidziwa. Ndikanati ndiwauze zoona akananditsegulira Baibulo mpaka kucha. Ndiye ndinachita chimene akazi anzanga mumachidziwa bwino, ndinadikira adye akhute.

"Bambo a Sungeni," ndinatero, "zaka zonsezi tizingoona mphesa basi? Azungu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzaona msewu umene uli pakhomo pathu pomwepa. Tikadzabwerera kumudzi tidzati tinaona chiyani?"

Munthu uja maso anawala ngati mwana wamuuza za mpira. Mawa lake anabwera ndi mapu aja amagawira alendo ku nyumba yolawitsira vinyo, pamodzi ndi bolopeni yofiira. Sabata yonse madzulo tikaweruka amayala mapuwo patebulo, magalasi pamphuno. Kunyamuka sikisi koloko. Somerset West hafu pasiti sikisi. Gordon's Bay, kenaka msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka Kleinmond. Mitsinje yonse anaidula mzere kunsi, ngakhale timifuleni toti mbuzi ingalumphe. Ndinkawaseka chamumtima, osadziwa kuti mizere imeneyo ndiyo idzatipulumutse.

Vuto linabwera pa malo oima. Anasankha atatu: poonera mbalame zija zimayenda chilili ngati azibusa ovala masuti, amati mapengwini, poonera anangumi, ndi pogula nsomba ndi tchipisi. Onse atatu anawaika pobwerera.

"Bwanji tiime popita?" ndinafunsa ngati zongocheza.

"Mayi a Sungeni, za msewu zisiyireni ine. Popita timakhala mbali ya phiri, ndipo m'mawa kumakhala mthunzi, zithunzi zimada. Pobwerera nyanja imakhala kumanzere kwathu, poimika pali pomwepo. Ndaganiza zonse."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndikanaulula tsiku lomwelo, tikangane zithe. Koma ndinati ndidzanamizira mutu, adzandimvera chisoni, tidzadutsa osaima. Ndinaiwala kuti ndinakwatiwa ndi munthu amene salumpha mzere umene walemba yekha.

Loweruka masana ndinakazinga nkhuku ndi mandasi khumi ndi awiri, ndinatsuka botolo la vinyo lopanda kanthu pamodzi ndi chotsekera chake. Amuna anga atabwera kotsuka galimoto anaima patebulo nakwinya nkhope.

"Ndani wathira madzi pa mapu anga?"

Mapu onse anali ouma, kupatula malo amodzi ngati chidindo cha chala, cha kufupi ndi Kleinmond. Inki yofiira inali itasungunuka pamenepo. Atachoka ndinakhudza ndi chala n'kulawa. Unali mchere. M'mawa mwake ndinatsegula sutikesi kuti nditenge chipewa cha Geva, chimene ndinkachisunga pansi pa zitenje, koma sichinalimo. Ndinakhuthula zonse pabedi. Jombo inalipo, chipewa ayi. Mantha anandigwira, sindikana, koma ndinakumbukira mafupa aja pakhonde ndipo ndinamanga mpango wanga zolimba.

Popita zonse zinayenda monga mwa bolopeni. Tinatsika m'minda ya mphesa, mizere yake ili mbee popanda tsamba poti inali Ogasiti, nthawi yodulira ngati ino. Titapitirira Gordon's Bay msewu unayamba kukhotakhota m'chiuno mwa phiri, nyanja ili pansi uko, yobiriwira ngati botolo. Amuna anga ankangoti, "Taonani! Taonani ntchito ya Mulungu!" Ine ndinkaona mitanda ing'onoing'ono yomatidwa pamiyala m'mbali mwa msewu, ya anthu amene madzi anawatenga. Ndinaiwerenga mpaka ndinatopa.

Titafika ndinati ndikufuna ndione pamene Geva anagwera. Izi sanakane. Mnzake wa Geva anali atandilongosolera bwino: kanjira ka m'tchire, mwala wong'ambika pakati, kenaka thanthwe lalitali lolowa m'madzi. Amuna anga anavula chipewa napemphera pemphero lalitali lokoma, ndipo atati ameni ndinawapempha kuti atsogole, ndikhaleko ndekha pang'ono.

Ndinagwada. M'ming'alu ya thanthwelo munali mchenga wosakanikira ndi tizigoba, ndipo ndinatapa ndi manja mpaka botolo linafika theka. Mafunde ankaphulika moti munthu sukanamva mawu ako omwe. Choncho sindinanong'one. Ndinakuwa ngati ndikuitana mwana ali kudambo.

"Gelevaziyo! Ngozo! Ndine mlongo wako Felesiya. Ndinakuitana kuno ndine, ndabwera kudzakutenga ndine. Amayi akugona panja chifukwa cha iwe. Dzuka, tiye kwathu!"

Nyanja inakhala chete. Sindikunena kuti inachepetsa phokoso, ndikuti inaleka, ngati wailesi yathimitsidwa. Mbalame zimene zinkalira pamwamba nazo zinatseka pakamwa. Ndinatseka botolo, n'kutembenuka, n'kuyamba kuyenda maso ali kutsogolo. Nditaponda katatu ndinamva kumbuyo kwanga munthu akubwera. Phazi lina linkamveka gu, la jombo yodzaza madzi. Linalo linkangoti phatha, lopanda nsapato. Gu, phatha. Gu, phatha. Khosi langa linkafuna kutembenuka lokha, moti ndinaligwira ndi dzanja. Misozi inkatsika, koma mumtima ndinkati, wabwera, mwana wa amayi wabwera.

Pagalimoto ndinatsegula chitseko chakumbuyo. Chipewa chija chinali pampando, chonyowa. Ndinaimika botolo pambali pake, ndinalimanga lamba, ndinadikira pang'ono kuti munthu alowe, n'kutseka. Nditakhala kutsogolo galimoto inatsika pang'ono kumbuyo, monga imachitira akakwera munthu mmodzi.

"Botolo mwalimangiranji lamba?" anafunsa amuna anga.

Ine zii.

"Mayi a Sungeni?"

Ndinaloza kumutu ndi kukhosi. Inu mukundidziwa, pakamwa panga sipatsekeka ngakhale mu tchalitchi, ndiye iwo anangoti chisoni chandigwira. Anandisisita paphewa naliza galimoto. Titafika pa mlatho woyamba ndinazindikira kuti dzina la mtsinjewo sindikulidziwa. Chikwangwani chinadutsa ndisanachiwerenge. Ndinangoti chapansipansi, "Geva, tikuwoloka mtsinje." Amuna anga anandiyang'ana m'mbali.

Patangopita mphindi khumi ndinamva indiketa ikulira. Ndinawagwira mkono, ndikupukusa mutu, ndikuloza kutsogolo.

"Ayi, mapengwini muwaone, mtima utsike. Tafika kale. Ndondomeko ndi ndondomeko."

Anaimika. Ine ndinakana kutsika, ndinangouma pampando maso ali pagalasi lakutsogolo. Ndiye ndinamva chimene ndinkachiopa: atsegula chitseko chakumbuyo kuti atenge mandasi m'dengu. Anatenga awiri, nanyamuka akuimba mluzu, chitseko n'kuchisiya chotsegula kuti mkazi wawo wodwala mutu apitidwe mphepo. Kukuwa sindikanatha. Kucheuka kuti nditseke sindikanatha. Ndinangoti, "Geva, khala pomwepo, usatsike."

Geva sanatsike. Koma galimoto inatsika kumbuyo kamodzi. Patapita kanthawi inatsikanso. Kenaka kachitatu, pang'onopang'ono, ngati wokwerayo ndi wokalamba. Fungo la ndere za m'nyanja linadzaza m'galimoto, ndipo kumbuyo kwa khutu langa wina anapuma mpweya wozizira.

Amuna anga anabwerera msanga, mluzu utatha.

"Mbalame zake n'zodabwitsa," anatero akutseka chitseko chija. "Zonse zafulatira nyanja, zikuyang'ana kuno koimika magalimoto. Palibe ikulira." Anasuzumira m'dengu. "Mandasi mwadya asanu ndi limodzi nokha? Ndiye mutuwo ukupola."

Tinanyamuka. Chipiriro, amene popita ankathamanga ngati mwana wa mbuzi, tsopano ankabuula. Cha ku Rooi-Els tinapeza anyani atakhala pamsewu. Anyani a kumeneko ndi akuba oopsa, amatsegula okha zitseko za magalimoto kufuna chakudya. Tsiku limenelo anapatuka mwaulemu, theka uku theka uko, onse maso ali pa mpando wakumbuyo. Wina wamkazi anatenga mwana wake n'kumubisa nkhope pamimba.

Nthawi inali itangopitirira thwelofu, dzuwa lili pamutu, koma kunyanja kunayamba kubwera chifunga. Chinakwera phiri ngati utsi wa lupsa, ndipo posakhalitsa msewu unkaoneka mapazi khumi okha. Ndinati mwina apa adutsa, anangumi angawaone bwanji muchifunga? Koma munthu wa bolopeni yofiira uja anakhotera pomwe analemba, pamalo pamene pali mitanda itatu pamwala. Anati angotenga jekete, kwazizira. Jeketeyo inali kumbuyo.

Chitseko chitangotseguka, pawindo langa panaima munthu. Sindinamuyang'ane, ndinangomuona ndi ngodya ya diso: chikhoti chachitali cha makedzana, chipewa chokhala ndi nthenga, ndi sutikesi yachitsulo yomanga ndi chingwe. Nkhope sindinaione, ndipo sindikufuna kuidziwa. Anayankhula Chinyanja chakale, cha agogo athu, mwaulemu kwambiri.

"Pepani mayi. Kodi imeneyi ndiyo ikupita ku Nyasalande?"

Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi. Amene anayankha ndi amuna anga, mokondwa ngati munthu wapeza mbale kuchilendo.

"Aa, ndinu a kwathu, bambo? Ayi, ife tikungobwerera ku famu, cha ku Stellenbosch. Kumudzi ndi kuti?"

"Tamva kuitana," anatero mkuluyo. "Mawu a mayi, akuti tiye kwathu. Takhala nthawi yaitali pano osamva mawu amenewo. Ena a ife tinabwera pa sitima."

Amuna anga anaweramira pawindo kuti andifunse ngati ndikumudziwa. Atadzutsa mutu panalibe munthu, chifunga chokhachokha. Ndipo galimoto, iwo ataima panja akuiona ndi maso awo, inatsika. Inatsikanso. Inatsikanso kawiri motsatizana, mpaka masipuling'i analira.

Analowa, natseka chitseko, nagwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Felesiya," anatero, ndipo dzina limenelo amalitchula pokhapokha zinthu zikavuta, "m'botolomo muli chiyani?"

Malume anandiletsa kuyankhula, koma za bolopeni sananenepo. Ndinatenga yofiira ija n'kulemba kuseri kwa mapu: Ndamutenga Geva. Sindiyankhula mpaka kunyumba. Musaimenso, musacheuke.

Anawerenga kawiri. "Mwandinamiza," anatero. "Sabata yathunthu ndikulemba, inu mukundiyang'ana, mukudziwa kuti mwandisandutsa woyendetsa maliro. Ine mkulu wa mpingo!" Ndinagwedeza mutu kuvomera, chifukwa zinali zoona. Anatembenuza kagalasi koonera kumbuyo kuti kayang'ane kudenga, naliza galimoto.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Matayala akumbuyo ankakhula bodi pa kona iliyonse. Magalasi anachita nthunzi mkati, ngati m'minibasi yodzaza nthawi yamvula, ndipo ndinkapukuta ndi mpango kuti aone njira. Kumapazi kwanga kunayamba kuyenda madzi ozizira. Kumbuyo kunkamveka tinthu ting'onoting'ono: wina kusuntha bondo, wina kukhosomola chifuwa chouma chija cha anthu a kumigodi, wina kunong'ona Chitumbuka, wina kumuyankha m'Chiyao. Pepala la mandasi linkalira. Pakati pa zonsezo ndinkatchera khutu kufuna phazi limodzi la jombo, ndipo ndikalimva likugunda pansi mtima unkakhala m'malo.

Ndiye tinafika pa kachitunda kena, phompho lili kumanzere, mafunde akumveka pansi koma osaoneka. Chipiriro anakwera theka, natsokomola, nazima. Amuna anga anakoka handibuleki, koma galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, matayala akukwekwereza, kulowera ku kampanda ka miyala kofika m'mawondo.

"Tayani botololo!" anakuwa. "Tifera pano! Sungeni asale wamasiye chifukwa cha mchenga?"

Anatambasula dzanja chakumbuyo osayang'ana. Ndinaligwira pamfundo ndi mphamvu zonse za munthu wodulira mphesa, moti mpaka lero amati chala china sichipinda bwino. Botolo likatuluka, Geva watuluka, amayi afera pakhonde. Koma nawonso ankanena zoona, galimoto inkapita. Ndiye ndinayankhula kwa akumbuyowo, poti akufa ndinkaloledwa kuyankhula nawo.

"Inu amene sindinakuitaneni, pepani, galimoto yalemera. Wina atsike."

Kenaka ndinamva lamba akumasulidwa, kwatsa. Ndinamva chogwirira chitseko chikukokedwa. Ndipo ndinamva phazi likusuntha kulowera kukhomo. Gu. Phatha.

Amayi anatilera kuti mwana sakhala pampando wamkulu ataimirira. Geva kuyambira ali wamng'ono, m'basi, mu tchalitchi, pamaliro, woyamba kunyamuka anali iyeyo. M'galimoto monsemo wamng'ono anali iye, ndipo ndinali nditangopempha kuti wina atsike.

"Geva!" ndinakuwa mpaka mawu anasweka. "Khala pansi! Ndati khala pansi, iwe! Bweza lambayo!"

Chogwirira chija chinabwerera. Ndinapuma kawiri, ndipo mkwiyo unandibwerera m'malo mwa mantha, mkwiyo wa pa ine ndemwe. Anthu awa anachoka kwawo monga tinachokera ife, atalonjeza kuti abwera ndi mabulangete. Amayi awo anagona pakhonde mpaka kufa, palibe anabwera ndi botolo. Ine ndinali yani kuti ndiwatsitse pachitunda?

"Palibe akutsika," ndinatero. "Ndalankhula molakwa, mundikhululukire, makolo anga. Thinanani. Kwathu timakhala anayianayi pampando, wachisanu pamiyendo. Tonse tikupita. Koma mundithandize, mupepuke."

Galimoto inaleka kubwerera, koma injini inakana kulira. Ndinakumbukira mawu a malume, kuti wakufa akapanda kudziwa pamene ali amalemera. Mitsinje iwiri tinali titawoloka osaitchula. Ndinatenga mapu n'kuwaika pamiyendo pa amuna anga, ndikuloza mizere yawo yofiira ija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta likutsika pamphuno muchisanu chonsecho. Kenaka anavala magalasi awo, nayang'ana kutsogolo ngati akuwerenga zolengeza mu tchalitchi.

"Ine sindikuyankhula ndi munthu," anatero. "Ndikungowerenga mapu anga. Woyamba uja unali Palmiet. Wachiwiri Rooi-Els. Umene ukubwerawu ndi Steenbras."

"Mwamva, nonse?" ndinatero. "Tawoloka Palmiet. Tawoloka Rooi-Els. Kutsogoloku kuli Steenbras. Geva, uwauze akumbuyowo."

Anapotoza kiyi. Chipiriro analira kamodzi kokha, nakwera chitunda chija ngati wanyamula nthenga. Pa mlatho wa Steenbras chifunga chinang'ambika, dzuwa linatulukanso, nyanja ili phee ngati sinalakwepo. Malo ogula nsomba ndi tchipisi tinawadutsa amuna anga osatembenuza n'komwe mutu, koyamba m'moyo wawo kulumpha mzere. Iwo ankawerenga, ine ndinkabwereza. Lourens. Timifuleni tija ndinkawaseka nato, tonse tinatchulidwa. Titayamba kukwera kulowa m'minda ya mphesa anayamba kung'ung'udza nyimbo ya maliro, mwina pofuna kudzilimbitsa mtima. Pa ndime yachiwiri kumbuyo kunalowa mabesi. Sanasiye kuimba, koma misozi inkagwera pa taye.

Tinafika pa famu cha m'ma folo. Agalu a bwana, amene amauwa ngakhale mthunzi, anagona pansi mitu ili pakati pa miyendo. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo maso ali kumbali, ndinatenga botolo ndi chipewa, ndinati, "Pano ndi pongopumira, si kwathu." Nditalowa m'nyumba ndinatembenukira amuna anga kuti ndipepese, koma anandidula.

"Basi ya Lachitatu," anatero. "Tipita tonse. Inu mitsinje simuidziwa."

Masiku awiri otsalawo anakhala pa mapu ena aakulu, a mayiko anayi. Tinagula mipando itatu, wachitatu wa botolo, ndipo kondakitala atafuna kukhazikapo munthu amuna anga anamuyang'ana mwa ukulu wa mpingo mpaka anachoka. Masiku anayi panjira. Orange, Vaal, Limpopo, Zambezi, ndi ina yambiri yoti dzina lake amalidziwa ndi iwo okha. Basi yonse inkadandaula kuti mukuzizira. Titalowa m'Malawi, paliponse basi ikaima ndinkamva ngati katundu wina watsika paphewa panga, koma osati yense.

Kwathu tinafika masana. Amayi anali pakhonde pomwe paja, atatsamira khoma, ang'ono ngati mwana. Ndinagwada patsogolo pawo ndi botolo m'manja, koma sanandiyang'ane ine. Ankayang'ana kuseri kwa phewa langa, ndipo nkhope yawo inasungunuka.

"Wanyowa, mwana wanga," anatero. "Nsapato ina wataya kuti?"

Kenaka maso awo anayenda pang'onopang'ono pabwalo, uku ndi uku, ngati akuwerenga anthu pamzere.

"Nanga alendowa, Felesiya?"

"Ndi a panjira, amayi. Ena atsikira m'njira, awa kwawo sakukukumbukanso. Analibe wowatenga."

"Ndiye mwaimiranji? Yalani mphasa zonse. Mlendo sagona panja."

Malume a Zakeyu anakathira mchengawo pamanda paja anaika nthochi. Botolo ndinadzaza theka ndi manja angawa, koma iwo anathira, nathira, mpaka mtumbira wonse unayera, ndipo pobwera sanafune kuyankhula ndi munthu. Dzuwa litapendeka amayi anapempha phala, namaliza mbale yonse. Kenaka anadzuka okha, anapinda mphasa yawo ya pakhonde ija, naikwapatira, nalowa m'nyumba. Anaima pakhomo kanthawi atagwira chitseko, monga umachitira podikira kuti womaliza alowe. Ndiye anatseka, ndipo ine ndili pabwalo ndinamva mpiringidzo ukugwa, koyamba m'zaka ziwiri. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana.

Amayi alipo mpaka lero, dzulo lomweli amandikalipira pa foni kuti ndinawatumizira juzi yothina.

Ndiye Lamulungu pitani, kaoneni nyanja. Mapu akabwerekeni kwa bambo a Sungeni, mitsinje yonse ndi yodula kale mzere. Koma mitanda ya pamsewu uja ndi yambiri, ndipo Chipiriro ndi kagalimoto kakang'ono, sitinawathe onse. Mukaima poonera anangumi, ana akabalalika pamiyala, muwakodole ndi dzanja. Musakuwe kuti tiyeni kwathu chitseko chili chotsegula, pokhapokha ngati mwatsimikiza mtima kuti mukawafikitsa.